Tizingwe ta Malichi pa Mabatire

Faenza, mwezi wa Febuluwale

Okondedwa achemwali Agafia,

Landirani moni wochokera kuno kunkhungu. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga a Nichifor? Bondo lija likukulolani kutsikira mosungira vinyo, kapena mwagonja mwayamba kutuma ana? Ghenadie, wa minibasi yoyenda pakati pa kumudzi ndi kuno, anatiuza kuti chisanu cha chaka chino chaphulitsa mapaipi kusukulu, ana akuphunzira atavala majasi. Kuno chipale chofewa kulibe, koma dzuwa sitinalione kuyambira Khirisimasi. Ine ndili bwino, chifuwa chinandigwira pang'ono n'kundisiya.

Mudabwa kulandira kalata kuchokera kwa munthu amene ali ndi foni m'thumba. Makoma a nyumba yathu ndi opyapyala, ndipo achimwene a Tihon amamva ngakhale supuni ikagwa kwa aneba. Nkhani yake ndi ya iwowo, choncho ndalemba n'kupatsira Ghenadie.

Katundu uja tinalandira. Tchizi chinafika bwino, mtedza ndi vinyo chimodzimodzi. Botolo la jamu ndi lomwe linasweka panjira, masokosi amene munalukira achimwene akununkhirabe jamu mpaka lero. Akuvala choncho, akuti palibe chawonongeka.

Chaka chilichonse mumandifunsa funso limodzi. Mwezi uno ukafika achimwene amakupemphani tizingwe ta Malichi tambirimbiri, tofiira ndi toyera tija timene kwathu timapatsana Malichi akayamba, ndipo amanenetsa kuti pasakhale tiwiri tofanana. Inu mumati munthu wamasiye amene amapempha tizingwe tochuluka chonchi ndiye kuti ali ndi akazi m'tauni yonse, ndipo munandituma kuti ndifufuze. Ndafufuza. Akaziwo ndawapeza, koma si amene mumaganiza.

Ndiyambe ndi ntchito kuti mumve bwino. Maapozi ndi makiwi adzadza m'zipinda zozizira, malole akulowa ndi kutuluka tsiku lonse. Zipatsozo zimanyamulidwa ndi timagalimoto ta mafoloko kutsogolo, ndipo kalikonse kamayendera batire lolemera kuposa ng'ombe yamphongo. Mphamvu ikatha, dalaivala amabwera kuchipinda chotchajira, n'kusiya batire lotopa, n'kutenga lina. Mwini chipindacho ndi achimwene kuyambira ine ndisanabwere kuno. Iwo ndi amene amakweza mabatire ndi makina, kuwatchaja, kuwasiya azizire, ndi kuwathira madzi akatha kutchaja. Batire ukalimana madzi limapsa m'kati, ukalipatsa dalaivala likadali lotentha limakalamba msanga. Ntchito yake imaoneka yaing'ono mpaka tsiku limene yalakwika.

Kumapeto kwa chaka chatha eni kampani anagula timabokosi toyang'anira mabatire, ndipo poti wamagetsi pano ndine, ntchito yoika inagwera ine. Kabokosi kake n'kakang'ono ngati sopo wochapira. Umakamangirira pamwamba pa batire, mawaya ake awiri n'kulumikiza ku mitu ya batirelo. Kamphete kake umakoleka pa nthambo yaikulu kuti kaziyeza moto wolowa ndi wotuluka. Kenako umaboola chivindikiro chimodzi n'kulowetsa kandodo komva ngati madzi atsika, kena n'kukatsekereza pakati kuti kazimva kutentha. Ukatha umakadziwitsa nambala ya batire pa foni. Kuyambira pamenepo kamatumiza kokha uthenga ku ofesi popanda waya, kudzera pa bokosi lina limene ndinakhoma kukhoma. Pamwamba pa kabokosi kalikonse pali kanyale kochepa ngati njere ya mphodza. Kakabiriwira batire lakonzeka, kakafiira latentha, kakamaphethira mtundu wa buluu ndiye kuti likufuna madzi.

Sindikubisirani, ntchitoyo ndinaikonda. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikusintha mababu ndi kukonza zitseko za mafiriji, apa ndinapeza chinthu chofuna mutu.

Malangizo ake amati pamwamba pa batire pakhale poyera, pasakhale nsanza kapena ulusi, chifukwa zikanyowa ndi asidi zimadutsitsa moto. Ine ndinapeza kuti batire lililonse lili ndi kansanza komangirira pa nthambo, pafupi ndi pulagi. Tinali takuda bii ndi fumbi, tina titadyeka. Ndinayesa ndi zotsalira za mapepala akale a manambala, ndiye ndinatenga pulayala n'kuyamba kudula.

Achimwene anali chiimire pakhomo. Anamva kulira kwa pulayala n'kufunsa kuti, "Ukudula chiyani, mwanawe?"

Ndinati nsanza.

"Udula zonse?"

Ndinati zonse, malamulo akutero, komanso sizifunikanso chifukwa nyale ziziwauza chilichonse.

Anati, "Chabwino. Wodziwa ndiwe." Anatenga chubu chawo cha madzi n'kupita kumapeto kwa chipinda. Ine ndinasesa tinsanzato n'kutaya m'bini.

Masabata oyamba zonse zinayenda. Mayi Loredana, amene amayang'anira nyumba yonse yosungiramo zipatso, ankayang'ana pa kompyuta n'kumagwedeza mutu mokhutira. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi dalaivala wina, Gaetano, wochokera kumwera, munthu wapakamwa posatseka. Akalowa m'chipinda chotchajira ankakuwa ngati ali pamsika. Ankati, "Mdala, mkazi wanu wachitatu kuchokera kukhomo akulira ludzu, kam'patseni chakumwa asanathetse banja." Nthawi zina ankati, "Wapakonayo musam'khudze, wafiira maso, mwam'lakwira chiyani usiku?" Achimwene ankam'tukwana m'chinenero chathu, iye n'kumayankha kuti amen. Ine ndinkaona ngati chibwana chabe.

Tsiku lina ndinamuuza kuti achepetse phokoso, munthu wamkulu sanyozedwa choncho pantchito pake. Anandikokera pa makina a khofi, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Iwe Serafim, mkuluyu umakhala naye nyumba imodzi, kapena umangobwera kudzagona?"

Ndinafunsa kuti akutanthauza chiyani.

"Nyale zakozo ukuganiza akuziona? Ineyo ndiye nyale yake. Tonse pano tikudziwa, ngakhale amayi osesa. Uja ankagwira kachingwe n'kudziwa kuti batire ili ndi liti, limamwa bwanji, linabwera nthawi yanji. Iwe wabwera ndi pulayala yako, wam'boola maso achiwiri." Anamwa khofi wake n'kuwonjezera kuti, "Usam'funse. Akadziwa kuti ndakutsina khutu andipachika pa makina aja."

Achemwali, ndinayamba kuona zimene zinali pamphuno panga nthawi yonseyi. Pothira vinyo amaika chala pamlomo pa tambula. Mpira amaonera atatembenuzira khutu ku kanema. Anasiya kalekale kukulemberani pa foni, amangotumiza mawu, ndipo ife tinkati ndi ulesi. Njinga anagulitsa ati chifukwa cha msana. Kupita kuntchito amayenda pambuyo panga, ine n'kumati akukalamba. Munthu ndimadya naye patebulo limodzi, koma ndinachita kuuzidwa ndi mlendo. Zinandichititsa manyazi, ndipo manyaziwo sanathebe.

Sindinawafunse. Ndinkangolowa m'chipinda chawo m'mawa ngati ndikuyesa timabokosi tanga, n'kumayankhula ndekha mokweza kuti ili likufuna madzi, ilo latentha. Iwo ankamvetsera atatembenukira kwina. Tinkanamizana mwaulemu choncho, ndipo zikanapitirira.

Koma mu Januwale Gaetano anapita kwawo kumaliro a apongozi ake, ine ananditumiza kunyumba ina ya kampani kumene firiji inafa. Batire limodzi linaphethira buluu masiku angapo popanda wolithira madzi. Kompyuta sidziwa kusunga chinsinsi, uthenga unapita pa foni ya Mayi Loredana. Atandifunsa ndinati mwina ndi netiweki, makoma a zipinda zozizira ndi achitsulo, uthenga umachedwa kufika ndipo umasokonezeka. Theka la mawuwo ndi loona, chifukwa galimoto ikakhala m'kati mozizira kabokosi kamasunga uthenga mpaka katatuluka. Koma batire lija silinali m'kati mozizira, linali pamalo pake. Mayiwo anandiyang'ana n'kunena kuti ndikonze.

Sabata yotsatira achimwene anapatsa dalaivala watsopano batire limene linali litangochoka pa tchaja, nyale ili psu. Kale akanaika dzanja pamwamba n'kumva, koma tsopano malamulo akuti azivala magolovesi okhuthala nthawi zonse, ndipo tsikulo kunali alendo oyendera. Batirelo linali lakale, lomwe lija linamanidwa madzi. Galimoto inakaima pakati pa njira itanyamula mabokosi a makiwi m'mwamba, fungo la mazira owola lili ponseponse, zivindikiro zitatupa. Palibe anavulala. Anthu anatulutsidwa, zitseko zinatsegulidwa, ntchito inaima mpaka masana.

Mayi Loredana anatsika ndi foni m'manja, natipeza tonse m'chipinda chotchajira. Si munthu wokalipa. Anati pali zinthu ziwiri: kapena timabokosi tikunama, kapena pali amene sakutimvera. Ngati tikunama, aitana amene anatigulitsa adzachotse tonse, ndipo ntchito yoikanso apatsa munthu wina, osati ine. Anandifunsa kuti ndinene chimodzi. Ndinali nditayamba kale kunena za makoma achitsulo aja.

Achimwene anavula magolovesi n'kuwaika pa benchi.

"Mayi, mwanayu musiyeni. Ntchito yake ndi yoyera, mawaya ake ndawagwira ndekha limodzi limodzi. Nyalezo zikuyaka bwino, amene sakuziona ndine."

Mayiwo anafunsa kuti sakuziona bwanji.

"Inuyo ndikuona kuti pali munthu wavala choyera. Kuti ndinu ndadziwira nsapato, mumaponda kwambiri ndi chidendene chakumanzere."

Anafunsa kuti zinayamba liti. Achimwene anati pang'onopang'ono, ngati mmene nkhungu imabwerera kuno, sudziwa tsiku limene yayamba. Mayiwo anayang'ana makina okwezera mabatire amene ali kudenga, n'kuyang'ananso achimwene, ndipo ndinaona kuti akuwerengera m'mutu zaka zimene munthu wosaona bwino wakhala akuyendetsa chitsulo cholemera pamwamba pa mapazi a anthu. Anangoti kuyambira tsiku limenelo asalowenso m'chipindamo mpaka dokotala atawaona.

Dokotala wa kampani anawaona, n'kuwatumiza kwa wa maso. Ndi ng'ala, maso onse awiri. Akuti kuchotsa kwake n'kwa kanthawi kochepa, amayamba diso limodzi, munthu n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo, linalo pambuyo pake. Malo alipo sabata yachiwiri ya Malichi, akungofunika kuvomera. Mayi Loredana ati akachitidwa opaleshoni chipinda chawo chiwadikira, koma Malichi akatha asanapite, aika munthu wina ndipo nkhani yatha. Sindikuwaimba mlandu, ndikanakhala iwo ndikanatero.

Pakali pano anawaika kopinda makatoni pamodzi ndi amayi olongedza. Manja awo ndi achangu, amayiwo amawakonda, amawabweretsera makeke. Koma achimwene amabwera kunyumba nkhope itagwa. Mabatire ndikuyang'anira ndine pamwamba pa ntchito yanga. Ndikalowa ndimangoyang'ana nyale, ndi kuthira madzi pamene paphethira. Zimanditengera kanthawi kochepa, ndipo chiyambireni palibe batire latentha. Timabokosito timagwira ntchito bwino, pamenepo sindinganame.

Za opaleshoni akukana. Lamlungu lapitali masana tikudya msuzi wa nyemba ndinayambitsanso nkhaniyo, ndipo anandifunsa ngati ndikukumbukira mmene bambo anabwerera kuchokera kuchipatala. Ndinati ndinali wamng'ono. Anati iwo sanali wamng'ono, ndi iwo anawanyamulira chikwama, bambo anapita akuona pang'ono n'kubwerako diso limodzi litafa, linalo n'kutsatira. Ndinati zimenezo ndi zakale, masiku ano ngakhale agogo a Gaetano anawachotsa ng'ala m'maso onse ndipo akulowetsa ulusi pa singano. Anati agogo a Gaetano si mwana wa bambo athu. Akuti bola pang'ono pomwe ali napo kusiyana ndi mdima, akwera minibasi ya Ghenadie abwerere kumudzi. Ndinafunsa kuti akakhala kuti, poti nyumba yawo denga linagwa ndipo alamu a Varvara ali kumanda. Anati ndisawaphunzitse kumene kuli mkazi wawo.

Patapita nthawi anafunsa kuti tizingwe tija ndinataya kuti. Ndinati m'bini, kalekale. Apa ndi pamene anandiuza kuti tinali tanu. Anayamba kutitchula kamodzikamodzi. Ka belu kanali pa batire lakale lomwa madzi kwambiri, lomwe linapsa lija. Ka mfundo zitatu kanali pa lotentha msanga. Ka mkanda wamtengo, ka ngayaye zazitali, kopota pawiri, kalikonse kanali ndi batire lake. Asidi amadya ulusi, ndiye chifukwa chake chaka chilichonse ankafuna tatsopano. Anzathu kumudzi amavala kachingwe pachifuwa mwezi wonse n'kukamangirira pa mtengo wa zipatso, iwo ankamangirira pa nthambo. Anati poyamba chinali chabe chosangalatsa, kuti m'chipindamo mukhale kanthu kakwathu, koma maso atayamba kuchita nkhungu anapeza kuti zala zikuwerenga. Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiletse tsiku lija. Anati ndinkaimba mluzu pogwira ntchito, ndipo anali asanandimvepo ndikuimba mluzu chibwerereni kuno.

Akazi aja ndi amenewo, achemwali. Mwakhala mukulukira mabatire.

Ndinawauza kuti tsiku la opaleshoni ndipempha tchuthi, ndiwaperekeza, ndipo pobwera ndiwagwira dzanja mpaka pakhomo. Anaseka, koma osati kuseka kwabwino. Anati mwana amene anam'bereka kumsana sangawatsogolere mumsewu ngati mbuzi, anthu a pantchito akuona. Ndiye anati munthu mmodzi yekha ndi amene amadziwa kuyenda ndi wosaona, ndipo munthuyo ndinu. Akuti popita kutchalitchi munkakoleka mkono wanu mu mkono wa bambo n'kuwatsamira, ngati wotopa ndinu, ndipo anthu ankati onani mdala uja akuthandiza mwana wake. Mpaka kumwalira kwawo bambo ankayenda mutu uli m'mwamba chifukwa cha inu. Atanena zimenezo anaimirira n'kukatsuka mbale, ndipo sitinayankhulenso za nkhaniyo.

Sanati muitanidwe. Mukuwadziwa, sangatero. Koma ine ndakhala nawo nthawi yaitali osamva zimene amanena, ndipo ulendo uno ndikuganiza kuti ndamva.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Ghenadie amanyamuka kwathu ku Nisporeni Lachinayi lililonse, ndam'pempha kale kuti akusungireni mpando wakutsogolo chifukwa cha bondolo, sabata yoyamba ya Malichi. Za ulendo musade nazo nkhawa, zili kwa ine. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yodulira mphesa ndipo nkhosa zikubereka, ndikudziwanso kuti maulendo ataliatali simuwakonda. Mudzagona m'chipinda changa, ine ndidzagona kukhitchini. Mukafika musadzawanyengerere, mudzangowauza tsiku ndi nthawi monga mmene munkatiuzira tili ana kuti madzi afunda, tikasambe. Kuchipatala ndinawauza kuti asunge malowo, ndinati wodwala wavomera. Limenelo ndi bodza langa lachiwiri chaka chino, ndipo ndikudalira inu kuti mulisandutse zoona.

Pa foni musatchule kanthu. Mudzangoti mwatisowa, kapena mukufuna kudzaona akazi awo aja ndi maso anu. Adzatukwana pang'ono, kenako adzandituma kukagula bulangete.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Nichifor, muwauze kuti vinyo wa chaka chino waposa wa chaka chatha, ndipo andikhululukire powabera mkazi nthawi ya ntchito. Moni kwa adzukulu anga Dorina ndi Ilie, kwa mpongozi wanu ndi kakhanda, ndi kwa azakhali a Fevronia ngati akukumbukirabe kuti ndine ndani. Mukadutsa kumanda muyatse kandulo kwa bambo ndi mayi m'dzina la tonse atatu.

Tizingwe chaka chino musavutike kuluka tambiri, pomangirira palibenso. Mubwere ndi kamodzi kokha, ka belu, mudzawamangirire nokha pa jekete m'mawa wa tsikulo.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Serafim